Nkhondo Yomenyedwa ndi Ngongole: Aphungu a ku America, 1775–1783

Chakumapeto kwa mwezi wa October m'chaka cha 1781, mthenga adalowa mumzinda wa Philadelphia pakavalo ndi uthenga umene anthu a ku America adaudikira zaka zisanu ndi chimodzi: gulu lankhondo la Angerezi lotsogozedwa ndi Cornwallis lidali litagonja ku Yorktown. Mzinda udasangalala, ndipo aphungu adandondozana kupita kutchalitchi kukathokoza. Koma mmodzi mwa aphunguwo, Elias Boudinot, adadzalemba pambuyo pake kuti pamene ankafuna kupatsa mthengayo ndalama zolipirira ulendo wake, m'thumba la boma mudalibe ndalama zachitsulo zokwanira. Aphungu adachita kusonkherana dola imodziimodzi kuchokera m'matumba mwawo.

Nkhani ya mthengayi taiika patsogolo dala. M'makalasi mwathu, phunziro la nkhondo imene zigawo 13 za ku America zidamenya pofuna kuchoka m'manja mwa Britain limathera pa maina a akuluakulu ankhondo ndi masiku a kumenyana, ndipo mwana amaloweza, nalemba mayeso, naiwala. Sitikuimba mlandu aphunzitsi, pakuti zophunzitsa nzambiri ndipo nthawi njochepa. Komatu funso limene limasiyidwalo ndilo lili ndi mnofu: kodi wonga, nsapato ndi ufa wa asilikaliwo ankalipira ndani? Yankho lake lili m'mbiri ya bungwe la aphungu lotchedwa Continental Congress, limene pano tizingolitchula kuti Kongeresi. Maganizo athu ndi akuti bungweli lidasenza katundu wa boma lilibe mphamvu imodzi imene boma lililonse limaimirapo, ndiyo yokhometsa msonkho, ndiponso kuti dzenje limeneli lidakwiriridwa ndi njala ya msilikali wamba pamodzi ndi ndalama za mfumu yachilendo.

Kongeresi sidabadwe ngati boma. Idayamba mu September 1774 ngati msonkhano wa nthumwi zodzakambirana madandaulo a zigawo. Pamene nthumwizo zinkakumananso pa 10 May 1775, mfuti zidali zitalira kale ku Lexington ndi ku Concord, kotero kuti anthu amene adabwera kudzalemba makalata odandaula kwa Mfumu George III adangozindikira nkhondo ili m'manja mwawo. Pa 14 June adakhazikitsa gulu lankhondo la zigawo zonse. M'mawa mwake adasankha George Washington wa ku Virginia kuti alitsogolere. Ndipo pa 22 June adalamula kuti asindikize ndalama zapepala zokwana madola 2 miliyoni. Walira mvula walira matope.

Nanga bwanji sadangokhometsa msonkho? Owerenga akumbukire kuti mkangano wonse ndi Britain udayambira pomwepo, kuyambira pa msonkho wa masitampa wa 1765 kufikira pa tiyi amene adatayidwa m'nyanja ku Boston mu 1773. Anthu ankati nyumba ya malamulo ya ku London, m'mene mudalibe phungu wawo, ilibe ufulu wopisa m'matumba mwawo. Tsono akadalola bwanji kuti nyumba inanso yakutali, ya ku Philadelphia, ichite zomwezo? Chigawo chilichonse chidaumirira mphamvu ya msonkho m'nyumba yakeyake ya malamulo. Kongeresi inkangowerengera zofunika, nigawira chigawo chilichonse gawo lake, nidikira. Chigawo chikapanda kutumiza, padalibe khoti ngakhale wapolisi woti akachikakamize. Pangano la umodzi wa zigawo, limene aphungu adalivomereza mu November 1777 koma lidayamba kugwira ntchito pa 1 March 1781, lidangokhomera chilema chomwechi m'malamulo: chigawo chachikulu ndi chaching'ono voti imodziimodzi, nkhani za ndalama ndi nkhondo zivomerezedwe ndi zigawo 9, ndipo kusintha mawu ngakhale amodzi a panganolo kudafunika zonse 13.

Alipo olemba mbiri amene amaseka aphunguwa chifukwa cha ndalama zawo zapepala. Ife sitiseka nawo. Munthu amene walandidwa khasu sitimudzudzula polima ndi mtengo. Kwa chaka ndi miyezi ingapo mapepalawo adayenda bwino, ndipo ndiwo adaika gulu lankhondo pamalo pake pamene padalibe njira ina. Chiyembekezo chidali chakuti zigawo zidzakhometsa misonkho, nkusonkhanitsa mapepalawo, nkuwachotsa pamsika. Zigawo sizidatero, m'malo mwake nazonso zidasindikiza ndalama zawozawo. Angerezi, amene adali atalanda New York, adathirirapo posindikiza ndalama zachinyengo ndi kuzimwaza m'dziko. Pofika kumapeto kwa 1779 Kongeresi idali itatulutsa madola apepala oposa 200 miliyoni, ndipo pa 18 March 1780 idavomereza poyera kuti madola 40 apepala alingane ndi dola imodzi yasiliva. M'chaka chotsatira anthu adangoleka kuwalandira. Kufikira lero Aamerika ali ndi mwambi wonyoza chinthu chachabechabe pochiyerekeza ndi ndalama zimenezi.

Benjamin Franklin, munthu wochenjera pa zandalama, adaona kuti kugwa kwa mapepalawa kudali msonkho ndithu, wokhoma mwakachetechete kwa aliyense amene pepala ladutsa m'manja mwake. Adanena zoona, koma msonkho umenewu udali wokondera. Wamalonda amalandira pepala m'mawa, madzulo waligulira katundu, motero sataya zambiri. Amene amapsa ndi munthu wa malipiro okhazikika, mayi wamasiye wosunga kangachepe kake m'bokosi, ndi munthu wokhulupirika amene adalandira mapepalawo chifukwa chokonda dziko lake. Mphunzitsi aliyense amene adaonapo mitengo ikuthamanga malipiro ataima safuna womufotokozera. Ndipo pamene mapepala adafa, akuluakulu ankhondo adayamba kungotenga ng'ombe, tirigu ndi ngolo m'midzi, nkumasiyira eni ake kakalata kolonjeza kuti boma lidzalipira tsiku lina.

Pa nkhani ya asilikali, aphungu adali ndi mantha awiri: ankaopa Angerezi, nkumaopanso gulu lawo lomwe. Adali atawerenga za Oliver Cromwell, amene m'chaka cha 1653 adathamangitsa aphungu a ku London ndi asilikali amene nyumba yomweyo idalemba. Chifukwa cha mantha amenewa, poyamba ankalemba asilikali a chaka chimodzi chokha. Zotsatira zake zidaoneka mu December 1776. Washington adali atathamangitsidwa ku New York, aphungu adali atathawira ku Baltimore, ndipo nthawi ya asilikali ambiri inkatha pa tsiku lomaliza la chaka. Atapambana ku Trenton pa 26 December, Washington adachita kuwapempha anyamatawo kuti akhaleko masabata ena asanu ndi limodzi, nawalonjeza madola 10 aliyense. Kongeresi idali itaphunzira kale mochedwa: mu September idalamula magulu 88 otumikira mpaka nkhondo itatha, wolembedwa aliyense kulonjezedwa madola 20 ndi malo okwana maekala 100. Koma kulemba anthuwo idali ntchito ya zigawo, ndipo zigawo zinkapereka ndalama zochuluka kwa olowa m'magulu awoawo a nthawi yochepa. Magulu 88 aja sadadzazepo.

Amene akufuna kuona tanthauzo la boma lopanda msonkho ayang'ane ku Valley Forge. Kumeneko asilikali pafupifupi 12,000 adamanga misasa mu December 1777, ndipo pofika June 1778 pafupifupi 2,000 adali atamwalira, osati ndi chipolopolo koma ndi matenda ogwira anthu anjala ndi ausiwa. Ambiri adalibe nsapato m'nyengo ya chisanu choopsa; masiku ena chakudya chidali ufa wokanda ndi madzi, wootcha pamoto. Chopweteka nchakuti m'dzikomo mudalibe chilala. Pennsylvania lidali dera lachonde, nkhokwe zili tho. Koma mtunda wa tsiku limodzi kuchokera pamsasapo padali Philadelphia, amene panthawiyo adali m'manja mwa Angerezi, ndipo Angerezi ankagula ndi golide. Mlimi adayang'ana golide, nayang'ana pepala la Kongeresi, nakumbukira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kodi timutche woukira dziko? Nkosavuta kutero kwa ife amene tilibe ana ake oti tiwadyetse. Aphungu ochepa amene adatsala adali ku York, kumene adathawira, akusankha makomiti. Chanzeru chimene adachita ndi kupereka ntchito yoyang'anira katundu wa asilikali kwa Nathanael Greene mu March 1778.

Pano tipatuke pang'ono, pakuti pali nkhani imene mwana wa mu Africa sayenera kuidumpha. Kusowa kwa asilikali kudakakamiza aphungu kuganizira za anthu akuda. Pafupifupi 5,000 adamenya nawo nkhondoyi kumbali ya America, ndipo ochuluka kuposa apa adathawira kwa Angerezi amene ankalonjeza ufulu. Mu March 1779 Kongeresi idalangiza South Carolina ndi Georgia kuti zilembe akapolo 3,000, eni ake alipidwe, ndipo akapolowo amasulidwe nkhondo ikatha. Atsogoleri a South Carolina adakana kwamtuwagalu. Adalolera kuti mzinda wawo wa Charleston ukhale pangozi, ndipo udagwadi mu 1780, kusiyana ndi kupatsa mfuti munthu amene ankamuyesa katundu. Apanso Kongeresi idangolangiza, kulamula sikadatha.

Thumba lobooka ndilo lidatuma aphungu kutsidya la nyanja. Mu November 1775 adakhazikitsa komiti yachinsinsi yolemberana ndi maiko ena, ndipo mu 1776 adatuma Silas Deane ku Paris ngati wamalonda wamba. Dziko la France lidali ndi chilonda cha nkhondo imene lidagonja kwa Britain mu 1763, ndipo nduna yake yoona zakunja, Vergennes, idaona mpata wobwezera. Mfuti, wonga ndi zovala zidayamba kuwoloka nyanja mobisa kudzera m'kampani yongopeka imene ankaiyendetsa Beaumarchais, mlembi wa masewero. Ngakhale chikalata cholengeza ufulu cha pa 4 July 1776, chimene ana asukulu amachidziwa chifukwa cha mawu ake okoma, chidalinso kalata yopita kwa mafumu a ku Ulaya, popeza palibe mfumu ikadachita pangano ndi anthu odzitchabe nzika za mfumu inzake. Franklin adafika ku France mu December 1776 ali ndi zaka 70. Adadikira moleza mtima kufikira mbiri itamveka yakuti Burgoyne wagonja ku Saratoga mu October 1777, ndipo pa 6 February 1778 mapangano awiri adasainidwa, la malonda ndi la nkhondo. Anthu okana ufumu adapulumukira m'chikwama cha Mfumu Louis XVI. Tinganene modutsa kuti ngongole zimene France idalowa pankhondoyi zidathandiza kubweretsa chipwirikiti cha 1789, chimene chidadya mutu wa mfumu yomweyo.

Sikuti ukazembe wa Kongeresi udali waudongo. Deane ndi kazembe mnzake Arthur Lee adakangana pa nkhani yakuti katundu wa Beaumarchais adali mphatso kapena ngongole, ndipo mkanganowo udagawa aphungu pawiri kwa miyezi yambiri nkhondo ili mkati. Mlembi wa akazembewo ku Paris, Edward Bancroft, adali kazitape wa Britain, ndipo zimenezi zidadziwika patapita zaka pafupifupi 100. Kalata inkatenga mwezi ndi theka kapena kuposa kuti iwoloke nyanja, ikapulumuka kuzombo za adani. Chinthu chimene chimatidabwitsa kwambiri ndi ichi: kumapeto kwa 1779 aphungu adayamba kulemba makalata otumiza okongoza boma kuti akalandire ndalama kwa John Jay ku Spain, Jay asanapeze ngakhale khobidi. Iye adakhala ku Madrid zaka ziwiri osalandiridwa ngati kazembe, ndipo nthawi zambiri amene ankazimitsa moto adali Franklin, pobwereranso kwa Vergennes chipewa chili m'manja. John Adams ndiye adapeza ngongole yeniyeni ya malonda ku Amsterdam mu 1782, ndalama za kumeneko zokwana 5 miliyoni.

Chaka cha 1781 chidayamba moipa. Pa 1 January asilikali a ku Pennsylvania, amene adakhala miyezi yambiri osalandira kanthu, adaukira akuluakulu awo nayamba ulendo wokaonana ndi aphungu. Angerezi adawatumizira amithenga awiri ndi malonjezo a ndalama. Asilikali anjalawo adawagwira amithengawo nawapereka, ndipo adanyongedwa. Tiime pamenepa: anthu osalipidwa, ovala nsanza, adakana golide wa mdani. Boma lidakambirana nawo. Koma anzawo a ku New Jersey atayesa zomwezo m'mwezi womwewo, Washington adawazinga, ndipo atsogoleri awo awiri adawomberedwa ndi anzawo omwe adaukira nawo.

Mantha a mwezi umenewu adagwedeza aphungu. Adaleka kuyendetsa chuma ndi makomiti naika munthu mmodzi, Robert Morris, wamalonda wolemera wa ku Philadelphia. Morris adatsegula banki yoyamba ya dzikolo mu January 1782 ndi siliva wochokera ku France, ndipo kawirikawiri ankalipira zinthu za boma ndi makalata osainidwa m'dzina lake, chifukwa anthu ankakhulupirira iye kuposa Kongeresi. Asilikali akupita ku Yorktown, adachita kubwereka siliva kwa Rochambeau, mkulu wankhondo wa Afalansa, kuti awapatseko malipiro a mwezi umodzi. Ku Yorktown komweko, tikawerenga ndi a m'zombo omwe, Afalansa adachuluka kuposa Aamerika. Morris adalimbikira kuti Kongeresi ipatsidwe msonkho umodzi wokha, wa magawo 5 pa 100 alionse pa katundu wolowa m'dziko. Zigawo zambiri zidavomera. Kachigawo kakang'ono ka Rhode Island kadakana mu November 1782, ndipo nkhani idathera pomwepo. Morris mwini wake adadzagwa pa malonda a malo, nakhala m'ndende ya angongole kuyambira 1798 mpaka 1801.

Wodya za mwini amagwada. Mu June 1781 Kongeresi, itakokedwa ndi kazembe wa France, idalamula nthumwi zake zokakambirana mtendere kuti zisachite kanthu popanda Afalansa kudziwa, ndi kuti zitsate uphungu wawo. Jay, Adams ndi Franklin adaliphwanya lamuloli. Adakambirana ndi Angerezi paokha nasaina pangano loyamba pa 30 November 1782, limene lidapatsa dziko latsopanolo malire ofika kumtsinje wa Mississippi, osafunsa mitundu ya eni nthaka imene inkakhala m'menemo. Aphungu ena adakwiya, koma palibe adafuna kubweza zimene zidapezekazo. Franklin adapepesa kwa Vergennes, ndipo m'kalata yomweyo adapemphanso ngongole ina. Adaipeza.

Ngozi yaikulu idadza nkhondo itatha. Akuluakulu a asilikali adalonjezedwa mu 1780 theka la malipiro awo moyo wawo wonse, ndipo adaona kuti akangotula mfuti lonjezolo lidzauluka. Mu March 1783, pamsasa wa Newburgh, padayenda kalata yopanda dzina yowauza kuti asamwazikane asanalipidwe. Andale ena ku Philadelphia sadaipidwe nazo, poganiza kuti mkwiyo wa asilikali uwopseza zigawo kuti zivomere msonkho uja. Pa 15 March Washington adalowa pamsonkhano wa akuluakuluwo mosayembekezeka. Atalankhula, adatulutsa kalata ya phungu wina kuti awawerengere, nalephera kuona bwino, navala magalasi amene ambiri adali asanamuonepo atavala, napepesa kuti imvi ndi khungu zamupeza akutumikira dziko. Ena adagwetsa misozi, ndipo chiwembu chidafera pomwepo. Patapita sabata imodzi Kongeresi idasintha lonjezo lija kukhala malipiro athunthu a zaka zisanu, olipidwanso ndi mapepala. Mu June asilikali wamba mazana angapo adazinga nyumba imene aphungu ankakumaniramo. Boma la Pennsylvania lidakana kuwateteza, ndipo aphungu adathawira ku Princeton.

Apa mpamene tiyenera kuweruza mosamala. Nyumba yofooka chotere, yothawathawa, yosalipira, sidagwetsedwe ndi mfuti. Pa 23 December 1783, ku Annapolis, Washington adaimirira pamaso pa aphungu pafupifupi 20 okha, iwo atakhala pansi, nabweza kalata ya udindo imene adampatsa mu 1775. Ulemu waukulu umapita kwa iye, ndipo nkoyenera. Komabe aphungu nawonso ali ndi gawo lawo: zaka zisanu ndi zitatu zonsezo sadasiye m'manja mwa wina mphamvu yosankha akuluakulu ankhondo, ndipo pamene adapatsa Washington mphamvu zapadera mu December 1776 adaziikira malire a miyezi isanu ndi umodzi. Chimene sitingawakhululukire, iwo pamodzi ndi nyumba za malamulo za m'zigawo, ndi m'mene adamwazira asilikali wamba. Anyamatawo adauzidwa kuti apite kwawo ngati patchuthi, atanyamula mapepala a malipiro a miyezi itatu ndi makalata a ngongole. Ambiri adagulitsa mapepalawo panjira pamtengo wozizira kuti apeze chakudya ndi zovala zofikira kwawo.

Zigawo zitayamba tsopano kukhometsa misonkho yolemera kuti zibweze ngongole za nkhondo, msonkhowo udagwera alimi omwe aja. Ku Massachusetts adaukira mu 1786, ndipo mmodzi mwa atsogoleri awo adali Daniel Shays, kapitao wa nkhondo ya ufulu. Chaka chotsatira nthumwi zidakumananso ku Philadelphia ndi kulemba malamulo atsopano, ndipo pamndandanda wa mphamvu za nyumba ya malamulo yatsopano, yoyamba kutchulidwa idali yokhometsa ndi kutolera misonkho. Mu 1790 Alexander Hamilton, nduna ya zachuma, adakonza zolipira ngongole zonse za nkhondo. Ndalama zapepala zija zidalandiridwa madola 100 pa dola imodzi. Makalata a ngongole a asilikali adalemekezedwa pa mtengo wolembedwapo, koma wolandira adali amene ali nawo m'manja tsiku limenelo, ndipo ambiri adali kale m'mabokosi a amalonda a ku New York ndi Philadelphia. James Madison adapempha kuti gawo lina lipite kwa eni ake oyamba amene adawagulitsa chifukwa cha njala. Aphungu adakana pempholo ndi mavoti 36 kwa 13.